Mukufuna kutaya magalasi ndi laser? Yambani ndi izi musanagule tikiti ya ku Joni

Amene mwatopa ndi magalasi ndipo mwamva kuti kuli opaleshoni ya laser yoti munthu n'kuwasiya, nkhaniyo ndi yoona ndithu ndipo si ya lero ayi, ku America anavomereza mtundu wotchedwa PRK mu 1995 kenako LASIK mu 1999, ndiye anthu ankhaninkhani anapangitsa kale ndipo ambiri akuona bwinobwino. Koma chimene ndikufuna mumvetse abale ndi chakuti laser yeniyeniyo siitenga ngakhale mphindi imodzi pa diso, ntchito yonse yagona pa kuyezetsa musanapite ndi kudzisamala mukabwera, ndipo zambiri mwa izi mutha kuyambira konkuno ku Blantyre musanawononge kwacha yanu pa ndege.

Kutsogolo kwa diso kuli kachikopa koonekera ngati galasi, kaja kamene kakuta pakuda pa diso, madokotala amati cornea. Ndi kamene kamapinda kuwala kuti kukagwere bwino kumbuyo kwa diso. Diso likakhala lalitali pang'ono kapena cornea yapindika mopitirira, kuwala kumagwera patsogolo ndiye zakutali mumaona mbuu, minibasi ikubwera simukudziwa ngati ndi ya Chilobwe kapena Zingwangwa mpaka kondakitala akuwe. Laser imapala cornea ija pang'onopang'ono kuti ipindike moyenera, monga mmene kalipentala wa ku Ndirande amapalira thabwa, ndipo nayonso chimene yapala sichibwereranso. Cornea ya munthu wamba imakhala ma micron cha m'ma 540, kungopitirira pang'ono theka la milimita, ndipo pa nambala imodzi iliyonse ya magalasi anu laser imachotsa ma micron cha m'ma 12 mpaka 15. Ndiye muone nokha, pa nambala za minus, za amene saona zakutali, munthu wa -2 ndi munthu wa -9 si amodzi, wa -9 amupala kwambiri, ndipo pansi payenera kutsala ma micron osachepera 250, madokotala ambiri amafuna patsale 300, apo ayi cornea imafooka n'kuyamba kutukumuka patsogolo, vuto loposa limene munapita nalo.

Choyamba funani mapepala anu a magalasi, aja amalemba SPH, CYL ndi AXIS amene ambiri timangowasiya m'kabokosi ka magalasi mpaka kufufutika. Pezani la chaka chino ndi la chaka chatha, ngati n'kotheka ndi la dzana lake, pitani kumene munagula magalasi akusindikizireni. Chifukwa chake n'chakuti nambala iyenera kukhala itaima kwa chaka chathunthu. Ngati chaka chatha munali -3 pano muli -4 ndiye kuti diso likadasintha, mukapangitsa lero pakatha zaka ziwiri mubwereranso ku magalasi ndalama zitapita. N'chifukwa chake osakwana zaka 18 sawapanga n'komwe, ndipo madokotala ambiri amakonda mudikire mpaka 21 kupita m'tsogolo. Ana a ku MUBAS ndi KUHeS amene mukukakamiza makolo, dekhani kaye.

Akuluakulu amene mwadutsa 40 inunso mvetserani apa. Kuja kotalikitsa foni kapena Baibulo kuti muwerenge sikuchokera ku cornea ayi, ndi lenzi ya mkati mwa diso imene imauma ndi ukalamba, aliyense zimamupeza. Laser ikakukonzerani zakutali, magalasi owerengera mudzawafunabe, ndipo choseketsa n'chakuti munthu wa minus amene amangovula magalasi n'kuwerenga bwinobwino akapangitsa laser mwayi umenewo umatha. Pali njira ina yoti diso limodzi alikonze la kutali lina la pafupi, amati monovision, ena imawayanja ena imawazunguza mutu, ndiye muyesere kaye ndi ma contact lens musanavomere.

Chinanso, mawu oti laser asakusokonezeni. Ng'ala siichoka ndi LASIK, ija amachotsa lenzi yochita mtambo n'kuika ina, ndipo amapanga konkuno ku Lions Sight First Eye Hospital pa Queens. Laser imene amawotchera kumbuyo kwa diso kwa odwala shuga ndi ina, yoyeretsera lenzi ikachita chifunga pambuyo pa opaleshoni ya ng'ala ndi inanso. Ndiye mukamva kuti chipatala chakuti chili ndi laser funsani kuti ya chiyani, yochotsera magalasi dzina lake ndi excimer, ndipo nthawi zambiri imayenda ndi inzake yodulira cornea yotchedwa femtosecond.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pali nkhani yonse, kaonaneni ndi dokotala weniweni wa maso, ophthalmologist, osati kungowerenga zilembo pakhoma mu shopu ya magalasi. Ku Lions kuja alipo, komanso m'zipatala zapulayiveti m'tauni muno. Muuzeni poyera kuti mukuganiza za laser. Akuyezeni presha ya m'maso chifukwa glaucoma, nthenda yoononga mtsempha wa diso, imabwera mwakachetechete ndipo anthu akuda imatikonda kwambiri, akudonthezereni mankhwala otanula mwana wa diso aone kumbuyo ngati kulibe pong'ambika, makamaka inu a minus yaikulu, aonenso ngati maso anu sauma. Tsiku limenelo musayendetse galimoto, mankhwala aja amachititsa kuti dzuwa likuthobweni maola angapo ndipo foni simuiona.

Ndiye pali vuto limene kwathu kuno ndi lofala koma sitilitchula, maso oyabwa kuyambira ubwana. Mukudziwa ana aja maso awo amakhala abulawuni m'mbali, nthawi ya fumbi akungotikita m'maso ndi nkhonya tsiku lonse. Kutikita kwa zaka zambiri kumeneko kumagwirizana ndi matenda otchedwa keratoconus, pamene cornea imapyapyala n'kusongoka kutsogolo. Zizindikiro zake, CYL, nambala ija yoonetsa kuti cornea siinapindike mofanana mbali zonse, imangokwera chaka ndi chaka, magalasi atsopano sakukhutiritsani, usiku nyali imodzi mumaiona ngati zingapo zoduka michira. Munthu wotere akapangitsa LASIK wadziputira tsoka, cornea yofooka kale aipalanso. Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu amenewa ndi amene amafunitsitsa laser chifukwa magalasi sawathandiza mokwanira. Thandizo lawo ndi lina, kulimbitsa cornea kumene amati cross-linking, ndi ma contact lens olimba. Kuti adziwe amajambula mapu a cornea, topography, mumaika chibwano pa kamakina n'kuyang'ana kakuwala, kenako pakompyuta pamatuluka bwalo la mitundu, pobiriwira ndi pabwino, koma kukaoneka kachigamba kofiira cha m'munsi mwa bwalolo dokotala amayamba kupukusa mutu. Amayezanso kukhuthala kwa cornea. Popanda mayeso awiriwa musalole munthu aliyense akhudze diso lanu ndi laser, kaya akuchotserani mtengo kaya akuti makina awo ndi atsopano. Ine kwanga dokotala amene amabweza anthu ena ndi amene ndimamukhulupirira, wongovomera aliyense wolowa pakhomo amandiopsa.

Musabise matenda. Ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa dikirani, nambala ya maso imasinthasintha nthawi imeneyo. Shuga wosakhazikika amachedwetsa bala kupola ndipo nayenso amasintha nambala. Nyamakazi ija ya rheumatoid ndi lupus zimaumitsa maso ndi kusokoneza kupola. Amene muli pa ma ARV nenani, si kuti akukanani pompo ayi, koma dokotala ayenera kudziwa mmene chitetezo chanu chilili. Mankhwala a ziphuphu a isotretinoin amaumitsa maso koopsa, ndipo ngati munadwalapo mashingozi kumaso kapena zilonda za herpes m'diso nenaninso chifukwa zimatha kudzuka.

Mitundu ya opaleshoni ya laser ilipo itatu imene mudzamve. LASIK amadula kachivindikiro kopyapyala pamwamba pa cornea, kukatembenuza, kupala pansi pake n'kukabwezeretsa, sasoka, kamamatira kokha. Ubwino wake mawa lake mukuona kale ndipo ululu ndi wa maola ochepa, koma kachivindikiro kaja sikabwerera mphamvu zake zonse, chigongono cha pa mpira kapena chibakera chitha kukasuntha ngakhale patapita zaka. PRK sadula kanthu, amachotsa kakhungu kapamwamba penipeni n'kupala pomwepo, kenako amakuikani contact lens ngati bandeji mpaka kakhungu kamerenso, masiku 4 kapena 5. Imeneyi ndi imene anandipanga ine chifukwa cornea yanga inali yopyapyala pang'ono, ndipo sindikunamizani imawawa, tsiku lachiwiri ndinali m'chipinda makatani otseka, misozi ikungoyenderera mphuno ikuchucha, kuwala kwa foni kokha kumalasa, ndipo kuti maso ayere bwinobwino zimatenga masabata. Koma kwa asilikali, apolisi, osewera mpira ndi a nkhonya ndi imene madokotala amakonda chifukwa palibe choti chisunthe. Yachitatu ndi SMILE, ya makina a Zeiss, ku America anaivomereza mu 2016, laser imadula kachidutswa mkati mwa cornea dokotala n'kukasolola pa kabowo kakang'ono, imagwira ntchito kwambiri kwa a minus ndipo imakhala yodulirapo. Amene nambala yanu ndi yaikulu kwambiri kapena cornea siikulola, pali ICL, lenzi imene amaika mkati mwa diso osapala kanthu. Musapite mutasankha kale mtundu chifukwa mnzanu wa ku ofesi anapanga umenewo, asankhe ndi mapu a diso lanu.

Kopita, anthu ambiri a kuno amalowera ku Johannesburg kapena Cape Town, ena Nairobi, ena India kumene kuli zipatala zikuluzikulu za maso ngati Aravind ku Madurai, L V Prasad ku Hyderabad ndi Sankara Nethralaya ku Chennai. Joni ubwino wake ndi pafupi, ndege mumakwerera pa Chileka pompa, ndipo china chikavuta kubwererako n'kosavuta, India mtengo wa opaleshoni umatsika koma tikiti, visa ndi malo ogona zimadya. Dokotala wa ku South Africa mutha kumufufuza pa intaneti ngati analembetsa ku HPCSA, bungwe lawo lolembetsa madokotala, monga ife tilili ndi Medical Council of Malawi. Atumizireni pa imelo mapepala a magalasi aja ndi lipoti la dokotala wa kuno musanalipire kalikonse, ndipo afunseni molemba, mtengowo ndi wa diso limodzi kapena onse awiri, mayeso a tsiku loyamba ali momwemo kapena ndi apadera, mankhwala odontheza nanga, akakukanani pambuyo pa mayeso dipoziti abweza, ndipo nambala ikatsalira pang'ono kubwereza kwake amalipiritsa bwanji ndipo mpaka liti. Funsaninso amene akupangeni ndi ndani ndipo mudzaonana naye musanalowe mu fiyeta kapena ayi.

Za MASM kapena inshulansi ya kuntchito funsani msanga ndipo akuyankheni pa pepala, ma sikimu ambiri opaleshoni imeneyi amaiwerenga ngati yongofuna mwini osati ya matenda, ndiye konzekani kulipira m'thumba. Foreks mukuidziwa mmene ikuvutira, pitani ku banki ndi invoisi ya chipatala nthawi ikadalipo, osati sabata yonyamuka.

Nthawi ya chaka nayonso muiganizire, izi a ku Joni sangakuuzeni chifukwa Blantyre sakumudziwa. Kubwera ndi maso a bala mu Seputembala kapena Okutobala, fumbi lili kobo mu Limbe, mphepo ikuulutsa majumbo ndi mchenga pa Wenela, anthu akutentha tchire m'mapiri, ndi kudzizunza. Bola mvula ikangotha, cha mu Epulo mpaka Juni, kunja kukadali kobiriwira. Ndipo pobwera yesetsani ndege. Basi ya ku Joni yodzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ndi ulendo wopitirira tsiku lathunthu, eyakoni ikukuuzirani m'maso, pa boda fumbi, posamba m'manja musanadontheze mankhwala palibe. Popita kwerani basi ngati mukufuna kusunga ndalama, pobwera ayi.

Ovala ma contact lens muwavule musanakayezetse chifukwa amasintha maonekedwe a cornea ndiye mapu amanama. Ofewa aja masabata awiri, olimba masabata atatu mpaka anayi, chipatala chikuuzani chiwerengero chawo. Ndipo musananyamuke gwirizanani ndi dokotala wa kuno amene adzakuoneni mukabwera, mudziwiretu tsiku.

Tsiku la opaleshoni idyani bwinobwino, sagoneka tulo ayi. Kumaso kukhale kopanda zodzola, mekapu, nsidze zomata, ngakhale perefyumu amakaniza chifukwa fungo limasokoneza laser. Pitani ndi munthu wokuperekezani, potuluka simungathe kuitana Uber nokha. Mumagona chagada, amakudonthezerani mankhwala a dzanzi, n'kuika kachitsulo kotsegula zikope kuti musaphethire, kameneka ndi kamene kamasowetsa mtendere kuposa laser. Pa LASIK pali kamphindi kamene amakanikiza diso ndipo kumada bii masekondi angapo, musachite mantha, amakuuziranitu. Kenako amati yang'anani kanyali kakuphethirako, makina amalira tetetete, ndipo mumamva fungo la tsitsi lopserera, ndi mmene zimakhalira. Diso likasuntha makina amalitsatira, likasuntha kwambiri amaima okha, ndiye zoti mukayetsemula akuboolani diso ndi nkhambakamwa. Maso onse awiri mphindi 15 kapena 20 mwatuluka.

Mukafika kogona tsinzinani mugone, dzanzi likatha maso amatentha ndi kutuluka misozi maola angapo. Akupatsani tizotchinga tapulasitiki tomata ndi pulasitala pogona kuti musadzitikite kutulo, valani sabata yonse ngakhale mukuoneka ngati chiwala. Mankhwala amakhala mitundu itatu, ophera tizilombo, a steroid oletsa kutupa, ndi misozi yopanga yofewetsa maso, pakati pa botolo lina ndi linzake dikirani mphindi zisanu, sambani m'manja, kamlomo ka botolo kasakhudze diso. Misozi yopangayo gulani yambiri komweko makamaka ija ya m'timachubu ta kamodzi yopanda mankhwala osungira, kuno siipezeka nthawi zonse. Mawa lake amakuonani, ndipo musathamangire kubwerera, khalani sabata kuti akuoneninso, a PRK mpaka atachotsa bandeji lenzi ija.

Kunyumba ndiye kumafunika mwambo. Osatikita m'maso, ngakhale muyabwe bwanji, donthezani misozi yopanga basi. Sabata yoyamba madzi asalowe m'diso, pukutani kumaso ndi kansalu koyera, makamaka masiku amene mipope yauma mukusamba madzi a m'chigubu kapena a pachitsime. Mbaula ndi nkhuni apatseni ena kaye, utsi umaputa kutikita. Kusesa pabwalo ayi. Pa kabaza kapena pampando wa pawindo mu minibasi valani magalasi adzuwa okuta m'mbali, ndipo a PRK magalasi adzuwa otchinga UV ndi lamulo kwa miyezi ingapo chifukwa dzuwa limatha kuchititsa chifunga pa cornea. Ku Mangochi mupite mukadye chambo koma m'nyanja musalowe mpaka mwezi utatha ndipo dokotala wavomera, m'madzi osambira a ku hotela chimodzimodzi. Ndiye azakhali akabwera kudzazonda ndi malangizo oti mudonthezemo mkaka wa m'mawere, madzi a masamba kapena a shuga, athokozeni mwaulemu koma m'diso musaike kanthu kosachokera kwa dokotala, maso ambiri m'dziko muno awonongeka ndi zimenezi pomwe vuto loyamba linali laling'ono.

Mankhwala a steroid aja kwa anthu ena amakweza presha ya m'maso mosamva kuwawa kulikonse, ndipo a PRK amawagwiritsa ntchito nthawi yaitali, n'chifukwa chake ndinati mupezeretu dokotala wa kuno. Akuyezeni pakatha mwezi, kenako miyezi itatu. Musawasiye mwadzidzidzi komanso botolo likatha musakagule lina pa famase mwa inu nokha.

Zimene zimachitika kwa ambiri ndipo si zoopsa, maso kuuma ngati muli mchenga kwa miyezi ingapo makamaka mukakhalitsa pa kompyuta, kuona bwino m'mawa madzulo n'kuchita mbuu pang'ono, ndi nyali za galimoto kuoneka ndi nkhata kapena nthenga usiku. Kwa ambiri zimachepa pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, koma alipo ochepa amene zimawakhalira, ndipo izi muzidziwe musanasaine. Amene ntchito yanu ndi yoyendetsa usiku, ma thiraki a pa Zalewa kapena kutsika Thabwa kupita ku Chikwawa mdima utagwa anzanu akukuwalitsirani ma fulu, muuzeni dokotala poyamba pomwe, ayeze kukula kwa mwana wa diso mumdima, ndipo masabata oyamba yesani kaye pa Chipembere Highway muli ndi wina pambali musanapite mtunda wautali.

Koma ululu ukamakula m'malo mochepa, diso kufiira kwambiri, kutuluka manthongo, kuoneka kadontho koyera pakuda pa diso, kapena kuona kukutsika tsiku ndi tsiku, musadikire kuti a ku Joni ayankhe WhatsApp, pitani ku Lions tsiku lomwelo ndi mapepala anu onse, matenda a pa cornea amathamanga pa maola. Chimodzimodzi mukamenyedwa pa diso. A minus yaikulu kumbukiraninso kuti laser yakonza kutsogolo kokha, diso lanu likadali lalitali ndipo kumbuyo kwake kutha kung'ambika ngati kale, ndiye mukaona kung'anima ngati mphezi, timadontho takuda tambiri tobwera mwadzidzidzi kapena chinsalu chikutseka mbali imodzi, ndi za changu, ndipo kamodzi pachaka kayezetseni kumbuyo kwa diso ngakhale mukuona bwino.

Musanachoke ku chipatala kuja apempheni fayilo yonse, nambala ya magalasi anu akale, mapu a cornea a musanapangidwe ndi a pambuyo, kukhuthala kwake, mtundu wa opaleshoni ndi kuchuluka kwa zimene anapala. Cornea ikapyapyala makina oyezera presha amaonetsa nambala yotsika kuposa yeniyeni, ndiye dokotala wosadziwa kuti munapangitsa laser atha kuphonya glaucoma. Komanso mukadzakula ng'ala ikadzabwera, powerengera mphamvu ya lenzi yoti akuikeni adzafuna manambala akalewo, ndipo mwina chipatala chija chidzakhala chitasintha eni kapena kutseka. Jambulani mapepalawo, dzitumizireni pa imelo, ndipo mulembetse mu buku lanu la kuchipatala kuti maso onse awiri anapangidwa laser, mtundu wake ndi chaka chake.